Soya amadziwa kukana

Funso lomwe linandisokoneza pa nkhani ya soya ndinafunsidwa manja anga ali m'ndowa ya madzi, ndipo yemwe anafunsayo sanadikire n'komwe kuti timuyankhe.

Tinali pa phunziro loyeserera, tikutsuka mizu. Mbewu inali imodzi, mchenga womwe tinadzalamo unali umodzi, ndipo njere zonse tinazipaka inokulanti, mabakiteriya othandiza mizu ya soya kupeza nayitirojeni, wa m'paketi imodzi tisanadzale. Zitini zonse tinkazithirira madzi okhala ndi michere yomwe chomera chimafuna. Kusiyana kunali pamodzi pokha: za mzere wakumanja tinkawonjezeramo feteleza wa nayitireti, yemwe amapatsa chomera nayitirojeni, za mzere wakumanzere sitinkaikamo nayitirojeni ngakhale pang'ono.

## M'ndowa muja

Kumtunda kunalibe chodabwitsa. Soya wa feteleza anali wobiriwira kuyambira pachiyambi. Winayo anayamba wachita chikasu, ena n'kumamumvera chisoni, kenako anatsitsimuka yekha n'kuyamba kuthamangira mnzake.

Nkhani inali pansi. Titakhuthula zitini zakumanzere n'kuviika mizu m'madzi, mchenga utachoka, timibulu tinaonekera titaunjikana chakumtunda kwa muzu waukulu, tina titamwazikana pa mizu yaing'ono. Ukatswanya kamodzi ndi chikhadabo, m'kati munali mofiirira, monyowa. Titakhuthula zakumanja tinapeza mizu yoyera bwino, yaitali, koma yosalala. Apo ndi apo kambulu kakang'ono, ndipo ukakatswanya n'koyera m'kati.

Mnzanga wina anafulumira kunena kuti feteleza wapha mabakiteriya. Abambo ena achikulire omwe ankayang'anira malo oyeserera aja anali chapafupi, akukulunga paipi. Anabwera, anatapa mchenga wa chitini chakumanja ndi zala, n'kutionetsa.

"Alimo umu, ndipo ali moyo. Mukadzalamo mbewu ina popanda feteleza, timibulu tituluka." Anasasa m'manja. "Ndiye tandiuzani ana inu, wakana mnzake ndani pamenepa?"

"Bambo, ndiye kuti chomera chimakana?" ndinatero ine.

Anangoseka n'kubwerera ku paipi yawo.

Mpaka nthawi imeneyo nkhani ya timibulu ndinkaimva mmene imaphunzitsidwira kawirikawiri: mabakiteriya amalowa m'mizu, amapatsa chomera nayitirojeni, chomera chimawapatsa chakudya, onse n'kumasangalala. M'nkhani yotere chomera chimangokhala chete, wochita zinthu ndi bakiteriya. Funso la abambo aja linatembenuza zimenezo. Ndinayamba kufufuza m'majini a soya, tizidutswa ta DNA tosunga malangizo a chibadwa chake, ndipo chomwe ndinapeza n'choti ambiri mwa majini odziwika bwino pa nkhaniyi ntchito yawo si kulandira alendo ayi. Ntchito yawo ndi kuwerenga, kuchepetsa, kubweza ndi kulanga.

## Malipiro ake ndi shuga

Kuti kukanako kumveke, tiyambe taona kuti chomera chimataya chiyani chikavomera.

Mpweya womwe tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni. Koma maatomu ake awiri anagwirana molimba kwambiri moti chomera sichingawalekanitse. Anthu amawalekanitsa m'mafakitale a feteleza ndi njira ya Haber ndi Bosch, yomwe inayamba kugwira ntchito ku Oppau, m'dziko la Germany, mu 1913, ndipo imafuna kutentha kwa madigiri mazanamazana ndi kupanikiza koopsa. Mabakiteriya a mtundu wa Bradyrhizobium amachita zomwezo m'timibulu ta mizu, m'dothi lozizira, pogwiritsa ntchito puloteni yotchedwa nitrogenase. Komatu si zaulere. Kuti athyole molekyu imodzi yokha ya nayitirojeni amatentha mamolekyu 16 a ATP, yomwe ndi mphamvu ya m'maselo, ndipo mphamvu yonseyo imachokera ku shuga yemwe masamba apanga padzuwa. Shuga yemwe wapita ku timibulu ndi shuga yemwe sanapite ku maluwa kapena ku njere.

Palinso vuto lina. Nitrogenase imawonongeka ikakumana ndi okosijeni, koma mabakiteriyawo amafunanso okosijeni yemweyo kuti apume n'kupeza mphamvu. Chomera chimathana nazo pomanga khoma la maselo lomwe limachepetsa mpweya wolowa m'kambulu, kenako n'kudzaza m'katimo puloteni yotchedwa leghemoglobin, yomwe imagwira okosijeni n'kumamupereka pang'onopang'ono. Kufiirira komwe ndinaona pa chikhadabo changa kunali kwa puloteni imeneyi. Ndi yapachibale ndi yomwe imafiiritsa magazi athu, ndipo wasayansi wina wa ku Japan, Kubo, ndi amene anaizindikira mu 1939. Amaipanga ndi soya, osati bakiteriya. Ndalama inanso imeneyo.

Ndiye chomera chikapeza nayitireti ali kale m'dothi, wongoyamwa basi, chivutikirenji kumanga zonsezi? Mizu yosalala ija sinali yodwala. Inali mizu ya chomera chomwe chaona kuti malonda awa alibe phindu.

## Kulonjerana kwa pansi pa nthaka

Zisanafike pokana, pamakhala kaye kulankhulana, ndipo woyamba kulankhula ndi soya. Akamva njala ya nayitirojeni, mizu yake imatulutsa timadzi tokhala ndi mankhwala otchedwa genistein ndi daidzein. Bakiteriya woyenera akawamva, majini ake otchedwa nod amadzuka n'kupanga kamolekyu koyankhira, komwe asayansi amakatcha Nod factor. Kapangidwe ka kamolekyu kotere kanadziwika koyamba mu 1990 ku Toulouse, m'dziko la France, pa bakiteriya wa mbewu ina ya m'gulu la nyemba.

Pa tiubweya ta muzu pamakhala mapuloteni awiri omvetsera yankho limenelo, NFR1 ndi NFR5. Gulu la Jens Stougaard ku Aarhus, m'dziko la Denmark, linawapeza mu 2003 pa kachomera kotchedwa Lotus japonicus, ndipo pambuyo pake anapezekanso mu soya. Akamva yankho lolondola, kashiamu m'kati mwa selo amayamba kukwera ndi kutsika mobwerezabwereza, majini ena monga NIN amayatsidwa, kaubweya kamapindika n'kukola mabakiteriya, ndipo chomera chimawakumbira kanjira kolowera m'kati. Pa nthawi yomweyo maselo a m'kati mwa muzu amayamba kugawikana, kumanga chipinda alendowo asanafike.

Kale mu 1954, Williams ndi Lynch ku America anafotokoza za soya wina yemwe sankapanga timibulu ngakhale umuthire mabakiteriya ochuluka, ndipo anati chimachititsa ndi jini imodzi, yomwe inatchedwa rj1. Panapita zaka zoposa 50 kuti zidziwike kuti jini imeneyo ndi NFR1 yomwe ija, itawonongeka. Soya ameneyo ndi wogontha chabe. Bakiteriya amayankha, iye osamva.

Chimodzi chomwe chimavutitsa ofufuza soya n'choti majini ake ambiri ali awiriawiri. DNA yonse ya soya itawerengedwa mu 2010, pa mtundu wotchedwa Williams 82, anapeza majini pafupifupi 46,000 komanso umboni woti m'mbiri yake DNA yonseyo inadzibwereza kawiri, zaka pafupifupi 59 miliyoni zapitazo ndi zaka 13 miliyoni zapitazo. Ndiye NFR1 alipo awiri, NFR5 alipo awiri. Nthawi zina ukawononga imodzi inzake imaphimba ndipo suona kusintha kulikonse.

## Wowerenga ali m'masamba

Apa ndi pomwe ndimafuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe funso la abambo aja linandifikitsa.

Ngakhale m'dothi mulibiretu nayitireti, soya sapanga timibulu paliponse pomwe bakiteriya wamuyankha. Timibulu timaunjikana chakumtunda, pa mizu yomwe inayamba kukumana ndi mabakiteriya, ndipo mizu yomera mochedwa imakhala ndi tochepa. Mu 1984, Kosslak ndi Bohlool anagawa mizu ya soya mmodzi pawiri, mbali ina m'chitini ichi, ina m'chitini icho. Anathira mabakiteriya mbali imodzi, n'kudikira masiku angapo asanathire mbali inayo. Mbali yochedwayo inapanga timibulu tochepa kwambiri. Mizu ya mbali ziwirizi sinkakhudzana. Ndiye uthenga woti "takwana kale kuno" unadutsira kuti?

Yankho linachokera ku Australia. Ku Canberra, Bernard Carroll, David McNeil ndi Peter Gresshoff anatenga njere za soya wotchedwa Bragg n'kuziviika m'mankhwala owononga majini mwachisawawa. Kenako anadzala zidzukulu za njerezo mu nayitireti wambiri, kufunafuna chomera chomwe sichingakane. Mu 1985 analengeza kuti azipeza. Chimodzi mwa izo, nts382, mizu yake inkadzaza timibulu kuyambira kumtunda mpaka kunsonga, kuchuluka kangapo kuposa Bragg wamba, kaya pali feteleza kaya palibe.

Munthu ungaganize kuti apa apeza chuma, soya wodzipangira feteleza mosalekeza. Koma zomerazo zinali zopinimbira, mizu yake yaifupi. Shuga ankathera kudyetsa khamu lomwe chomera sichinkalifuna. Ine nditaona koyamba chithunzi cha mizu imeneyi sindinasirire ayi, ndinachita nthumanzi. Imaoneka ngati yagwidwa matenda.

Chaka chotsatira, mu 1986, gulu lomwelo linachita chinthu chomwe ndimachikonda chifukwa cha kuphweka kwake. Anamezanitsa zomerazo. Anadula tsinde la nts382 n'kulilumikiza pa mizu ya Bragg wabwinobwino, ndipo tsinde la Bragg analilumikiza pa mizu ya nts382. Aliyense akanayembekezera kuti vuto la mizu lili m'mizu. Sizinatero. Mizu yabwinobwino yomwe inasenza tsinde lowonongeka inadzaza timibulu mopanda malire. Mizu ya nts382 yomwe inapatsidwa tsinde labwino inadziletsa. Wolamula kuchuluka kwa timibulu ali kumtunda, m'masamba.

Taganizirani kaye. Analibe makina owerengera DNA omwe alipo lero. Anali ndi lumo, timapaipi togwirizira pomezapo, ndi kuleza mtima. Ndipo zikumveka ndithu kuti wowerenga akhale kumeneko: muzu umodzi sungadziwe zomwe mizu ina yachita, pomwe masamba ndi omwe amalandira madzi ochokera ku mizu yonse, ndiponso ndi omwe amapanga shuga wolipirira.

Jini yomwe inawonongeka mu nts382 ndi anzake inadziwika mu 2003, Gresshoff ali ku yunivesite ya Queensland ku Brisbane, ndipo anaitcha GmNARK. Imapanga puloteni yomvetsera uthenga, ndipo imafanana kwambiri ndi jini ya CLAVATA1 ya kachomera ka Arabidopsis, yomwe ntchito yake ndi kuletsa maselo a kunsonga ya tsinde kuchulukana mopitirira. Chilengedwe sichinapange chida chatsopano. Chinatenga chida chakale choletsera kukula n'kuchipatsa ntchito ina.

Lero ulendo wa uthengawo ukudziwika bwino ndithu. Kambulu kakangoyamba kupangika, muzu umatulutsa timapuloteni tating'ono kwambiri totchedwa RIC1 ndi RIC2. Timakwera ndi madzi kupita kumasamba, komwe NARK imatimva. Masamba nawo amakhala akutumiza pansi kachidutswa ka RNA kotchedwa miR2111, komwe ntchito yake ndi kugoneka jini ya TML, yoletsa timibulu, kuti muzu ukhale wotseguka. NARK ikamva kuti timibulu tayambika, masamba amachepetsa miR2111, TML imadzuka, khomo n'kutsekeka. Mbali ya miR2111 imeneyi inafotokozedwa mu 2018 pa Lotus japonicus, kenako inaonekanso mu soya.

Nanga nayitireti? Ali ndi kapuloteni kakekake, NIC1, ka m'banja lomwelo. Muzu ukamva nayitireti umapanga NIC1, koma aka sikakwera kumasamba, kamamvedwa ndi NARK ya m'muzu momwemo. N'chifukwa chake kuwonongeka kwa jini imodzi yokhayo kunachotsa zinthu ziwiri pakamodzi mu nts382, kuwerenga timibulu ndi kumvera feteleza. Mizu yosalala ya m'zitini zathu zakumanja inali ndi NARK yamoyo, ikugwira ntchito yake.

## Ena amabwezedwa ngati matenda

Pali kukana kwina kosayang'ana kuchuluka koma mtundu wa mlendo. Obereketsa mbewu anazindikira kalekale kuti mitundu ina ya soya imakana mabakiteriya ena ake pomwe ikulandira ena, ndipo majini ochititsa zimenezi anawapatsa mayina monga Rj2, Rj4 ndi Rfg1.

Mu 2010 gulu la Hongyan Zhu ku yunivesite ya Kentucky linapeza kuti Rj2 ndi Rfg1 ndi maonekedwe awiri a jini imodzi, ndipo jiniyo ndi ya m'gulu lomwe zomera zimadzitetezera nalo ku matenda. Soya wa Rj2 akakumana ndi Bradyrhizobium wotchedwa USDA122 amamutenga ngati mdani. Bakiteriyayo amalonjera bwinobwino, Nod factor wake ndi wolondola, koma pofuna kufewetsa chitetezo cha chomera amabaya mapuloteni ena m'maselo a muzu, ndipo imodzi mwa mapuloteniwo ndi yomwe imamuulula. Rj4 nayo imabweza mitundu ina ya Bradyrhizobium elkanii, monga USDA61. Ambiri a m'gulu limeneli amapanga poizoni wotchedwa rhizobitoxine yemwe amachititsa chikasu masamba a nsonga, ndiye soya wowakana sakulakwitsa.

Pamenepa ndi pomwe ndinasiyira kuganiza kuti pali mzere wooneka bwino pakati pa bakiteriya wothandiza ndi woyambitsa matenda. Onse amalowa m'thupi la chomera, onse amadya shuga wake. Zida zolowera n'zofanana, zida zowabwezera n'zofanananso.

Izi zili ndi tanthauzo kwa aliyense wopaka inokulanti. Mbewu ndi bakiteriya ziyenera kugwirizana, ndipo komwe anthu anachita khama kusankha awiriwa mosamala zotsatira zake zikuoneka. Brazil, yomwe imakolola soya wambiri kuposa dziko lina lililonse, imamulima pafupifupi popanda feteleza wa nayitirojeni. Njira imeneyi anaimenyera nkhondo Johanna Döbereiner kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo Mariangela Hungria wa ku bungwe la Embrapa, yemwe anaipititsa patsogolo, analandira mphoto ya World Food Prize mu 2025.

## Wolowa n'kungokhala

Tsono tinene kuti bakiteriya walonjera bwino, chitetezo sichinamugwire, wapeza malo chiwerengero chisanakwane. Walowa. Chimuletsa n'chiyani kungodya shuga n'kumachulukana, osathyola nayitirojeni ngakhale mmodzi? Kunena zoona, wotereyu ndi yemwe akanapambana anzake, chifukwa mphamvu zomwe ena akuthera pa ntchito iye akuberekera ana. Ndipo m'nthaka mabakiteriya aulesi chotere alimo ambiri.

Toby Kiers ndi Ford Denison, pamodzi ndi anzawo, anayesa funso limeneli pa soya ku yunivesite ya California ku Davis, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2003. Njira yawo inali yochenjera. Sanasinthe bakiteriya, anasintha mpweya. Anatsekera timibulu tina mu mpweya wosakaniza argon ndi okosijeni, momwe nayitirojeni munalibe kupatula kadontho chabe. Mabakiteriya akhama aja anasanduka osabweza kanthu, osati mwakufuna kwawo. Anachita izi pa chomera chonse, pa theka la mizu, ngakhalenso pa kambulu kamodzi kokha pakati pa tinzake.

Chomera chinazindikira. Timibulu tosaperekato tinakula pang'ono, okosijeni wolowamo anachepetsedwa, ndipo mabakiteriya a m'menemo anachulukana pafupifupi theka chabe la anzawo. Zili ngati mwini nyumba za lendi yemwe sakuthamangitsa ukalephera kulipira, amangokutsekera madzi, chipinda chako chokha, oyandikana nawo akutunga bwinobwino. Soya safunsa chifukwa chake. Aulesi ndi olephera amawalanga mofanana, chifukwa chomwe iye amayeza ndi nayitirojeni wotuluka pa kambulu kalikonse.

Ena amanyansidwa ndi kafotokozedwe kotere, amati tikuipitsa chinthu chokongola. Ine ndimaona kuti chomera choyeza kambulu kalikonse pakokha, popanda ubongo kapena mitsempha, n'chodabwitsa kuposa nthano ya abwenzi awiri okondana.

Kiers ndi Denison anabwereranso mu 2007 ndi funso lomwe limandivutitsa kuposa onse. Anatenga mitundu 6 ya soya yoimira zaka 60 za ntchito yobereketsa mbewu, kuyambira yakale mpaka yatsopano. Itapatsidwa mabakiteriya akhama okhaokha, yatsopano sinaoneke yoperewera. Koma itapatsidwa osakaniza, akhama ndi aulesi pamodzi, monga zimakhalira m'munda weniweni, mitundu yakale inabereka bwino kuposa yatsopano. Ofufuzawo anaganiza kuti chifukwa chake chingakhale choti mbewu zatsopano zakhala zikusankhidwa pa minda ya chonde chambiri, komwe chomera chosadziwa kulanga sichivutika, ndiye palibe yemwe amaona kuti luso lija likuchepa. Mitundu 6 ndi yochepa, ndipo pakufunika kuyesa yambiri tisanagamule. Koma ngati zili choncho, wobereketsa mbewu yemwe akufuna soya wodalira timibulu ayenera kumayesera mbewu zake pa dothi losauka nayitirojeni, lokhala ndi mabakiteriya osakanikirana, ndipo pokolola asamangoyeza njere zokha. Azizulanso mizu, n'kutswanya timibulu kuti aone kuti tofiirira ndi tingati, ndipo tadyetsedwa kwambiri ndi titi.